Malire Anadutsa pa Mphika wa Nakwenda

Mu Ufumu wa Tilipamodzi munali mpingo umodzi, ndipo anthu ankakangana pa zinthu zina. Mkulu wa mpingowo ankakhala kutsidya kwa nyanja zamchere, mumzinda wa Kumpando. Ankamutcha Bambo Wamkulu. Palibe munthu wa ku Tilipamodzi anamuonapo, choncho onse ankamukonda.

Mapemphero ankachitika m'chinenero cha Kumpando. Anthu sankamva kanthu. Ankangodziwa pogwada ndi poimirira, ndipo kwa zaka zambiri zimenezo zinali zokwanira.

M'mudzi wa Khalachete munali mayi wina woumba miphika, dzina lake Nakwenda. Mwamuna wake, Kamtedza, anali mkamwini wa mtundu umene apongozi amaupempherera: wabawo, wamowa, katswiri woyamba ntchito. Atadwala matenda omaliza, abale ake anabwera kudzanena kuti akatsikira kulichete adzamunyamula kukamuika kwawo, monga mwa mwambo.

"Mundiike konkuno," anatero Kamtedza ali pamphasa. "Kwathu kulibe wondikalipira."

Nakwenda anali pakhomo akukanya dongo. Sanatembenuke.

"Mukagone chakumbali," anatero. "Mundisiyire malo. Nkhani ya denga lodonthali sitinamalize."

Anamuika konko. Ku Tilipamodzi manda ankakumbidwa ndi adzukulu, ndipo kukumba kwake kunali kotere: ankayamba dzenje lolunjika pansi, kenako pansipo ankaboola kachipinda cham'mbali kotchedwa mudzi. Mtembo unkagona m'mudzimo. Pakhomo pake ankatsekapo ndi mitengo ndi mphasa kuti dothi lisagwere munthu kumaso. Mkulu wa adzukulu anali Kanyumbu, munthu wowonda amene mwambo unkamulola kunena chilichonse pa maliro, ndipo ankaugwiritsa ntchito mwambowo mosaumira.

"Akazi anga," anatero kwa Nakwenda atatuluka m'dzenje, "mudzi wa amunanu ndaulozetsa kum'mawa, kumbali kwanu. Musadzachite kufuula."

Maliro atatha, Nakwenda anaumba mphika waukulu. Anauwotcha, nauboola pansi kuti wina asaube, nakauvundikira kum'mawa kwa manda a mwamuna wake. Aliyense ankadziwa tanthauzo lake: pamenepo ndi pa Nakwenda. Adzukulu akamakumba manda ena ankaulambalala.

Tsono mpingo unkaphunzitsa kuti pakati pa kumwamba ndi kumoto pali malo otchedwa Chidikiro. Kumeneko kunkapita anthu amene sanali oipa kwenikweni komanso sanali abwino kwenikweni, ndiye kuti pafupifupi aliyense. Ankawawamba pa moto wochepa mpaka atayera. Nakwenda zimenezi ankazimva bwino, poti mphika nawo amayamba auwotcha. Koma ankadziwanso zimene zimachitika ukakhalitsa pamoto, ndipo Kamtedza anali dongo losalimba.

Chaka china Bambo Wamkulu anaganiza zomanga tchalitchi choti mitambo izichita kuchilambalala. Pofuna zomangira, anatumiza ansembe m'maiko onse. Pa msika wa Mwamvazo, pamene Nakwenda ankagulitsa miphika, panafika Bambo Gelevazio, munthu wa mawu okoma ndi khosi la mizere, atatenga ng'oma ndi dengu la tizingwe toyera. Wopereka mbuzi ankalandira kachingwe. Akakamanga kachingweko pa mtanda wa m'bale wake, m'baleyo ankatuluka ku Chidikiro tsiku lomwelo.

"Mbuzi ikati mee m'khola la mpingo," ankafuula Bambo Gelevazio, "mzimu wati tumphu, watuluka m'moto!"

Pafupi ndi Nakwenda pankakhala Nankhwazi, wogulitsa mchere, mayi amene pakamwa pake sipankatsekeka ngakhale akudya.

"Nanga wa nkhuku, Bambo?" anafunsa Nankhwazi.

"Nkhuku imatulutsa miyendo yokha, mayi."

"Ndiye apongozi anga akhale kaye. Ankadandaula kwambiri za kuzizira."

Nakwenda sanaseke. Anali ndi mbuzi imodzi, yakuda, yokhala ndi banga loyera pamsana ngati chikhatho cha munthu. Dzuwa litafika pamutu anapita kunyumba, nabwera nayo akuikoka.

"Dzina la malemu?" anafunsa Bambo Gelevazio.

"A Kamtedza."

Wansembeyo anaimitsa dzanja m'dengu. Anayang'ana mbuzi, nayang'ana kumwamba.

"Kamtedza wabawo uja?"

"Omwewo."

"Mbuziyi ndi yabere?"

"Ndi yabere."

"Ndiye ikwanira."

Madzulo ake Nakwenda anakamanga kachingwe pa mtanda. Anakamanga mfundo ziwiri.

"Tulukani," anatero. "Koma musapite patali."

Patapita nyengo, kunabuka wansembe wachinyamata, Tadeyo, amene ankadwala matenda owerenga. Anawerenga Buku Loyera kuyambira koyamba mpaka kumapeto, kufunafuna nkhani ya tizingwe. Mbuzi anazipezamo zambiri, koma panalibe imene inkatulutsa munthu m'moto. Chidikiro sanachipeze n'komwe. Analemba madandaulo ake pa chikopa, nakachikhoma pa chitseko cha tchalitchi cha ku Pakamwa, likulu la dziko. Madandaulo anali ambiri, misomali nayo inali yambiri, moti chitseko chinang'aluka pakati. Kalipentala amene anaitanidwa anachiyang'ana n'kunena kuti sichingalumikizikenso. Anthu a m'tsogolo ankati iye analosera. Iye ankanena za chitseko.

Tadeyo anafika pa msika wa Mwamvazo, nakwera pa thumba la mchere la Nankhwazi.

"Chikhululuko n'chaulere!" anafuula. "Munthu amapulumuka ndi chikhulupiriro, osati ndi mbuzi!"

Kenako anatsegula Buku nayamba kuwerenga m'chinenero cha anthu. Msika wonse unatchera khutu. Anawerenga za akuba, za amiseche, za ogulitsa ndi muyeso wonyenga.

"Kale sitinkamva, tinkasinza mwamtendere," ananong'ona Nankhwazi. "Lero tikumva, ndipo zonse akunena ife."

Anthu atabalalika, Nakwenda anayandikira.

"Bambo, ngati Chidikiro kulibe, a Kamtedza anali kuti nthawi yonseyi?"

"Ali kumene chikhulupiriro chawo chinawafikitsa, mayi."

Nakwenda anaganizira za chikhulupiriro cha Kamtedza. Ali moyo sichinkamufikitsa ngakhale pakhomo la tchalitchi.

"Nanga mbuzi?"

"Mbuzi munataya."

"Inali yabere," anatero Nakwenda.

Bambo Wamkulu atamva za Tadeyo anamuchotsa mumpingo. Tadeyo nayenso anachotsa Bambo Wamkulu mumpingo. Popeza ankakhala motalikirana kwambiri, aliyense anangokhala pomwe anali. Otsatira Tadeyo anatchedwa Otsutsa, otsala anatchedwa Akumpando.

Nakwenda sanali mbali iliyonse. Iye anaganiza motere: ngati mbuzi inagwira ntchito, ikhale. Ngati sinagwire, ibwere. Anamanga nsalu m'chiuno ulendo wa ku Pakamwa. Ku khola la mpingo anamuuza kuti nkhani za mbuzi zili kubwalo la mfumu. Anapita kubwalo, nakhala pansi pakati pa odandaula ena, kudikira.

Mfumu ya dzikolo inali Sindilakwa. Poyamba inadana ndi Tadeyo kwambiri. Inalamula kuti amusake, ndipo Bambo Wamkulu anaitumizira chipewa cha nthenga ndi dzina laulemu loti Mtetezi wa Chikhulupiriro. Koma pa gule wina mfumu inaona mtsikana wovina bwino, ndipo kuyambira tsikulo inayamba kuvutika ndi chikumbumtima pa ukwati wake ndi mfumukazi. Inapempha Kumpando kuti authetse. Kumpando anakana. Nkhani imeneyi ndi imene inali m'bwalo tsiku limene Nakwenda anafika.

Nduna yaikulu, Zoonadi, inaimirira.

"Mwinidziko, inu amene mukayetsemula mvula imagwa, inu amene chithunzithunzi chanu chimakhwimitsa mapira! Dziko likulira. Ana akukana bere. Ng'ombe zikuyenda zowerama. Chifukwa chiyani? Mfumukazi sanakubalireni mwana wamwamuna wodzalowa ufumu!"

Nduna ina yokalamba inatsokomola.

"Pepani, Mwinidziko. Kuno ufumu umapita kwa mwana wa mlongo wanu. Mwana wa akazi anu, kaya wamwamuna kaya wamkazi, unayamba wamukhudza liti?"

Mfumu inathokoza nkhalambayo chifukwa cha nzeru zake, ndipo pomwepo inaikweza kukhala kazembe ku madambo a Udzudzu, inyamuke dzuwa lisanapendeke.

Kenako asilikali anabweretsa Tadeyo, amene anamupeza atabisala m'nkhokwe. Anali ndi mankhusu m'tsitsi, ndipo ankaoneka kuti wakonzeka kufera choonadi.

"Iwe," inatero mfumu, "m'Buku lakomo muli Bambo Wamkulu?"

"Mulibe, Mwinidziko."

"Mafumu alimo?"

"Alimo ambiri."

"Anali ndi akazi angati?"

"Ena anali nawo ambiri, Mwinidziko, koma Buku silikunena kuti..."

"Nanga minda ya mpingo, ndi makola?"

"Mpingo woona sufuna chuma, Mwinidziko."

Mfumu inatseka maso. Misozi inatsika.

"Ndatembenuka mtima," inatero.

Zoonadi anagwa pansi ndi chisangalalo, nduna zonse zinagwa pambuyo pake motsatana maudindo. Lamulo linalengezedwa nthawi yomweyo. Kuyambira tsikulo mkulu wa mpingo ku Tilipamodzi anali Mfumu Sindilakwa. Monga mkulu wa mpingo, inamva pempho la Mfumu Sindilakwa lothetsa ukwati, niliganizira mozama, nililola. Minda yonse ya mpingo ndi makola onse zinalandidwa m'dzina la anthu. Chipewa cha nthenga mfumu inasunga, poti chinkaikhala.

Odandaula ataitanidwa, Nakwenda anagwada nawomba m'manja.

"Mbuzi yanga, Mwinidziko. Yakuda, ya banga pamsana."

"Mayi, anakuberani," inatero mfumu mwachifundo. "Anakuberani koopsa. N'chifukwa chake talanda zonse. Mubwere phwando la ukwati wanga watsopano likatha."

Phwando la ukwati wa mfumu ndi mtsikana wovina uja litatha, Nakwenda anabweradi. Anagwada pamalo pomwe paja. Pansi pa mapazi a mfumu panali chikopa chakuda chokhala ndi banga loyera ngati chikhatho cha munthu. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Muli ndi dandaulo, mayi?" anafunsa Zoonadi.

"Ndaiona," anatero Nakwenda, nanyamuka.

Mfumu inali ndi mwana wa mlongo wake, Mpandowanga, amene ankayembekezera ufumu. Atamva kuti malume ake akufuna mwana wawowawo wodzalowa m'malo, tsiku lomwelo anagwidwa ndi chikondi chachikulu pa Bambo Wamkulu. Anagula kolona yofika m'mawondo, nasonkhanitsa ankhondo kumadzulo kwa dziko kuti ateteze chipembedzo cha makolo.

Nkhondo inatenga zaka. Mbali zonse zinkayamba zapemphera zisanatenthe nkhokwe. Akumpando ankatentha za Otsutsa, Otsutsa ankatentha za Akumpando, ndipo chimanga chinkapsa mofanana. Ku Khalachete anthu anaphunzira kufunsa kaye msilikali kuti ndi wa mbali iti asanamuuze chimene amakhulupirira. Miphika inkasweka yambiri, choncho Nakwenda sanasowe ntchito. Kanyumbu nayenso.

Zotentha zitatha, malume ndi mphwake anakumana napangana mtendere. Dziko linagawidwa pawiri. Palibe analola kusiya dzina, choncho panakhala Tilipamodzi Wakum'mawa, wa Sindilakwa ndi Otsutsa, ndi Tilipamodzi Wakumadzulo, wa Mpandowanga ndi Akumpando. Lamulo la mtendere linati munthu aliyense azipemphera momwe ikupempherera mfumu ya dera limene kuli khomo lake.

"Ine ndiye ndatembenuka osadzuka pa mpando," anatero Nankhwazi pamsika. "M'mawa ndinali wa Kumpando. Pano akuti ndine Wotsutsa. Ndikutsutsa chiyani, a Nakwenda?"

"Adzatiuza," anatero Nakwenda.

Malire ankawaika ndi chingwe chachitali cha khonje, anthu a mafumu onse awiri akukhoma zikhomo n'kumakangana pa chikhomo chilichonse. Anafika ku Khalachete atatopa. Mudzi unagwera kum'mawa. Chingwe chinalowa m'manda, chikukhotakhota pakati pa mitumbira. Pakati pa mandapo zikhomo zinawathera. Mmodzi anaona mphika wovundikira, wobooka kale pamwamba, ngati wina anawakonzeratu. Anazika mtengo pabowopo, namangapo chingwe. Kwa nthawi yoyamba mbali zonse zinagwirizana.

Nakwenda anafika m'mawa mwake ndi tsache. Anapeza manda a Kamtedza ali kumadzulo, iye ali kum'mawa, ndipo malire a maufumu awiri atakhala pa mphika wake. Panali msilikali mbali iyi ndi msilikali mbali iyo. Anamuuza lamulo: palibe wodutsa chingwe, wamoyo kapena wakufa, ndipo palibe wolasa khasu pansi pafupi ndi chingwe kosakwana mkono.

Nakwenda anasesa mbali yake mpaka pachingwe. Kenako anatambasula dzanja, nasesa mpaka pamene tsache linalekezera. Msilikali wa kumadzulo anayang'ana kumbali, poti za tsache sanauzidwe.

Panabuka funso lovuta: anthu akufa ndi a mpingo uti? Ambiri anafa mpingo uli umodzi. Akuluakulu a mbali zonse anakambirana nyengo yonse ya dzinja, napeza kuti chilungamo n'chakuti eni akewo afunsidwe. Tsiku linasankhidwa. Anthu anasonkhana kumanda, chingwe chili pakati.

Zoonadi anaimirira kum'mawa, atavala mkanjo.

"Inu nonse ogona pano! Mfumu Sindilakwa, mkulu wa mpingo, akuti ndinu Otsutsa. Amene akukana aimirire!"

Anadikira. Palibe anaimirira.

"Avomera onse!"

Nthungululu zinamveka kum'mawa. Kenako nduna ya Mpandowanga inaimirira kumadzulo.

"Inu nonse ogona pano! Munabadwa Akumpando, munafa Akumpando. Amene wasintha maganizo aimirire!"

Palibe anaimirira. Nthungululu zinamveka kumadzulo.

"Ndakhala ndi anthu amenewa zaka zambiri," anatero Kanyumbu atatsamira khasu. "Sindinaonepo msonkhano wawo wokanganapo."

Popeza mbali zonse zinapambana, chingwe chinakhala pomwe chinali.

Zaka zinapita. Msana wa Nakwenda unapindika, manja anayamba kunjenjemera pa dongo. Tsiku lina anamva kuti Tadeyo wabwera kudzayendera mpingo wa m'malire. Tsopano ankatchedwa Abusa Aakulu. Anali atakwatira, atanenepa, ndipo ankachotsa mumpingo anthu amene ankawerenga Buku n'kupezamo zosiyana ndi zake. Nakwenda anamupeza pakhonde.

"Abusa, ndikafa mundiike pa mphika paja."

"Pamenepo ndi pamalire, agogo. Ndiponso kuseri kwake kwagona opembedza mafano."

"Kwagona a Kamtedza. Sankapembedza chilichonse."

"Agogo, Buku likuti kumwamba kulibe ukwati."

"Sindikunena za kumwamba, Abusa. Ndikunena za pansi."

Tadeyo anamufotokozera mofatsa kuti thupi ndi fumbi, ndipo fumbi lilibe nazo ntchito kuti lagona pati. Nakwenda anafunsa kuti ngati zili choncho, chingwe n'chachiyani. Tadeyo anati imeneyo ndi nkhani ya boma.

Kuyankhulana modumphitsa chingwe sikunali koletsedwa. Nakwenda anakadikira kumanda mpaka Bambo Gelevazio atabwera kudzawaza madzi odalitsa kumbali yawo. Wansembeyo anali atakalamba, khosi litaphwa.

"Bambo, mwandikumbuka?"

"Mbuzi yabere," anatero Bambo Gelevazio. "Tizingwe tinasiya, mayi. Kunachitika msonkhano waukulu ku Kumpando, ndipo unapeza kuti sitinagulitsepo."

"Ndikufuna kudzagona pafupi ndi amuna anga."

"Bwererani kumpingo wa makolo. Samutsirani khomo lanu kuno. Tidzakuikani m'nthaka yodalitsa."

"Pa mphika?"

"Pa mphika ayi. Malo alipo kumapeto uko, pafupi ndi chulu."

Nakwenda anayang'ana chulu. Chinali kutali kuposa kumene Otsutsa akanamuika.

"A Kamtedza anali ogontha khutu limodzi," anatero, nabwerera kwawo.

Anakhala masiku angapo osapita kumsika. Kenako anaumba mbiya yamowa, yaikulu, yosalala, yomaliza m'moyo wake. Anafulula mowa, naitanitsa Kanyumbu. Mdzukuluyo anafika dzuwa lili pamutu, nakhala pamthunzi, namwa chikho choyamba osafunsa.

"Akazi anga, mwandiitanira ukwati kapena ntchito? Poti kuyang'ana nkhope yanuyi, ntchito yayandikira."

"Ntchito."

"Ndinadziwa. Ine amandikonda ndi odwala okhaokha."

"Lamulo likuti chiyani za kukumba?"

"Mkono umodzi kuchokera pachingwe. Amayeza ndi mkono wa msilikali, ndipo amasankha wamtali."

"Amayeza pamwamba?"

"Nanga n'kuyeza pati?"

Nakwenda anamudzazira chikho. "Mudzi mumaulozetsa mbali iti?"

"Kumene mdzukulu wafuna." Kanyumbu anaimitsa chikho pakamwa. Anachitsitsa pang'onopang'ono. "Iii, mayi inu."

"Utalike pang'ono basi."

"Pang'ono? Mpaka pansi pa mphika? Mukufuna ndidutse malire a mafumu awiri chokwawa ngati mfuko! Ukandigumukira?"

"Sugumuka. Pamenepo ndi dongo la makande. Ndinapakumbapo poika mphika."

"Akatigwira adzatipachika. Mbali iyi adzapachika mutu, mbali iyo miyendo."

"Adzakugwirani ndani? Chiyambire ntchito yanu, munaona wansembe atatsika m'dzenje?"

Kanyumbu anaganiza. "Ayi."

"M'busa?"

"Amaopa kudetsa nsapato."

"Msilikali?"

"Amenewo amangotumiza anthu. Sabwera kudzaona kumene afikira."

Kanyumbu anamwa, nayang'ana mbiya, naigogoda ndi chala kumva kulira kwake.

"Mbiyayi ndi yanga?"

"Ndi yanu."

"Kamtedza anandidya pa bawo kambirimbiri," anatero Kanyumbu. "Wapuma mokwanira."

Nakwenda anamwalira mvula yoyamba itagwa. Popeza anali maliro a pamalire penipeni, mbali zonse zinaona kuti ndi mwayi. Abusa Aakulu Tadeyo anabwera okha kudzalalikira kum'mawa. Bambo Gelevazio anasonkhanitsa anthu awo kumadzulo kwa chingwe, kudzalira mzimu wotayika mokweza kuti kum'mawa amve. Msilikali wamtali anayeza mkono kuchokera pachingwe, nalemba mzere ndi phazi. Adzukulu anayamba kukumba.

Anakumba nthawi yaitali. Dzuwa linakwera, nyimbo zinatha, anayambiranso zoyamba zija.

"Mukuchedwa chiyani kumeneko?" anafunsa Tadeyo ataima patali ndi dothi.

"Mwini wake ndi wovuta, Abusa!" anafuula Kanyumbu ali pansi. "Akuti chipinda chachepa. Tsikani mudzaone!"

Tadeyo anayang'ana nsapato zake, nati apitirize.

Mulu wa dothi unakula kuposa dzenje limene unachokera. Nankhwazi anauyang'ana, nayang'ana mphika, nayang'ananso mulu. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anatseka pakamwa. Anaitana amayi anzake, nakhala pamulupo atayala zitenje, akulira.

Pansi, Kanyumbu anali chafufumimba, akukumba ndi kakhasu kakafupi. Pamwamba pake, kupyola dothi, ankamva maulaliki awiri akulimbana ngati atambala. Analasa komaliza, ndipo khasu linapyola. Panatseguka kabowo kokwana chikhatho, kotuluka mpweya wozizira. Kanyumbu sanakakulitse. Sanakatsekenso.

"Achimwene," anatero chapansipansi, "afika. Konzani yankho la denga lija."

Anthu anatsitsa mtembo, adzukulu naulandira, naukankhira m'mudzi mpaka kumapeto. Anatseka ndi mitengo ndi mphasa. Tadeyo anasuzumira ali chiimire, naona mphasa yoyalidwa bwino m'mbali mwa dzenje, monga m'manda ena onse.

"Mayi uyu," analalikira, "wakana mafano mpaka m'manda! Wagona m'nthaka ya choonadi!"

"Mayi uyu," anayankha Bambo Gelevazio kutsidya kwa chingwe, "wasiyana ndi mwamuna wake mpaka muyaya! Onani zimene kutsutsa kumachita!"

Onse awiri anayankhula bwino. Anthu anati ame mbali zonse, ndipo adzukulu anakwirira. Dothi lotsala analimwaza pa mitumbira ina, nati n'kukonza kumanda.

Uthenga unapita ku Pakamwa kuti kum'mawa kwapindula mzimu umodzi. Unapitanso kwa Mpandowanga kuti kumadzulo sikunadetsedwe. Mafumu onse awiri anakondwa, nawonjezera alonda pamalopo.

Chingwe cha khonje chinaola kalekale, anaikapo waya. Mafumu aja anafa, ana awo ndi aphwawo akukanganabe. Koma mphika ulipo, ndipo lamulo loletsa kulasa khasu pafupi nawo silinasinthe. Msilikali amaima mbali iyi, wina mbali iyo, mfuti paphewa, kuonetsetsa kuti pamenepo pasadutse munthu.

Pansi pake palibe anawasokonezapo.